Thupi Silipempha Chilolezo

1. Lamulo la a Kalekeni

Chaka chimene Nthanda analowa Sitandade 8, mvula inagwa bwino mbali za kwa Lukwa. Fodya wa bale anakula mpaka kubisa munthu wamkulu. Eni mudzi anali atalandira makuponi awo a feteleza, ndipo chimanga chinali bii m'minda mwawo.

Banja la a Kalekeni, bambo ake a Nthanda, makuponiwo linkangowamva pa wailesi. Iwo anali matenanti ochokera ku Phalombe, ndipo panalibe mudzi kuno umene unkawawerengera ngati anthu ake. Ankadya phoso la bwana wa esiteti. Phosolo linkabwera fodya akamayenda bwino.

Nyengo yothyola itafika, manja anachepa. A Fainala, mayi ake a Nthanda, anali ndi khanda kumsana. Tsamba la fodya silidikira munthu. Likakhwima lero, mkuja laonongeka. Choncho a Kalekeni anayamba kumudzutsa mwana wawo m'mamawa kuti azithyolako mizere ingapo asanapite kusukulu.

Apa panali vuto. Ogula fodya ankatumiza anthu oyendera minda, ndipo bwana anali atalamula kuti mwana asapezeke m'munda. A Yobu, kapitawo wa pa esitetipo, analengeza kuti banja lophwanya lamuloli lidzalongedza katundu tsiku lomwelo. Lamulo linali labwino ndithu, kungoti silinabwere ndi manja ena othyolera fodya.

Tsiku loyamba a Kalekeni anamukhazika pansi mwana wawo.

“Mwana wanga, tamvera,” anatero. “Ife kuno ndife alendo, ndipo mlendo ndi mame, sakhalitsa. Anzako a m'mudzi akalakwa, mawa adzukabe m'nyumba ya makolo awo. Ife tikalakwa, tidzuka pamsewu wa ku Kasungu, mitolo ili pamutu, fodya yense tamusiya m'chigafa. Sindikukutuma m'munda chifukwa sindikukonda, ayi. Ndikungofuna tidutse nyengo inoyi. Koma za m'mundazi usauze munthu. Usauze mnzako, usauze aphunzitsi, ngakhale abusa akakufunsa. Pakamwa pako ndi pamene pasunge denga lathuli.”

Nthanda analonjeza. Sanali mwana wolonjeza kawiri.

Tsiku lililonse ankatuluka m'munda diresi litanyowa ndi mame, manja atada ndi phula la fodya. A Fainala ankamudikira kuseri kwa nyumba ndi mchenga ndi phulusa, n'kumukwecha manja mpaka phula lonse litachoka. Mwanayo ankafika kusukulu manja ali oyera kuposa a mwana wa ahedi.

2. Phunziro la Madamu

Aphunzitsi a Chingerezi anali Madamu Perpetua, mayi wamfupi amene ankaphunzitsa ndi thupi lonse. Akafuna kufotokoza za chule ankadumpha ngati chule, ana n'kuseka mpaka ahedi kusuzumira pawindo. Nthanda ankawakonda kwambiri, ndipo pa Chingerezi panalibe womuposa m'kalasimo.

M'mawa umenewo Madamu anabwera ndi mawu otchula zinthu zimene thupi limachita lokha. Anayamba ndi kuyetsemula kwabodza kumene kunadzidzimutsa ndi a m'kalasi ina omwe.

“Kumeneko pa Chingerezi ndi sneeze,” anatero. “Ndani anayamba wapempha chilolezo kuti ayetsemule? Palibe. Ngakhale pamaso pa apongozi, chikabwera chabwera. Ndani anayamba wauza mtima wake kuti ugunde, kapena chikope kuti chiphethire? Ana inu, mutha kulamula pakamwa panu, miyendo mutha kuilamula, koma pali zina zimene thupi limanena lokha. Thupi silipempha chilolezo. Ndipo likamanena, munthu wanzeru amamvetsera.”

Kenaka anagawa mawu. Aliyense wopatsidwa liwu ankaimirira kutsogolo n'kulisonyeza ndi thupi, anzake n'kulitchula. Chancy, mnyamata wa pabenchi yakumbuyo, anapatsidwa yawn. Anayasamula mwaluso kotero kuti kalasi yonse inayamba kuyasamula, Madamu omwe. Ana anati n'zosadabwitsa, chifukwa Chancy wakhala akuyeserera liwu limeneli kuyambira Sitandade 1.

Wina anatsokomola, wina anaphethira, wina analiza mkonono. Nthanda anapatsidwa shiver, kunjenjemera.

Anali atayamba kale kumva chizungulire chifikireni. Malovu ankadzaza m'kamwa, thukuta lozizira likutsika kumsana. Ataimirira kutsogolo, mawondo anayamba kuwombana, mano akugundana, manja osakhazikika. Kalasi inaomba m'manja. Ana anakuwa liwulo mokondwa, ena n'kumati Nthanda wamuposa Chancy.

Madamu okha ndi amene sanaombe m'manja.

Nthanda anagwira pakamwa, n'kuthamangira kunja. Anasanza kuseri kwa kalasi, pafupi ndi pamene amayi ankaphika phala la ana a sukulu. Sikanali koyamba mwezi umenewo, ndipo amayiwo anali ndi maso.

3. Mafunso a Mayi Dorika

Mkulu wa amayi oyang'anira atsikana pasukulupo anali Mayi Dorika. Tisawanamizire, sanali munthu woipa. Ankasokera atsikana osauka mayunifolomu ndi manja awo. Koma mwana wawo weniweni anasiyira sukulu m'kalasi yomweyi chifukwa cha pathupi, ndipo kuchokera pamenepo ankaona pathupi paliponse.

Kwa iwo nkhani inali yoonekeratu. Mtsikana wakula. Akusanza m'mawa, masana ali bwinobwino. Fungo la phala likumunyansa. Za fodya sanaziganizire n'komwe. Kumayambiriro kwa chaka a Kalekeni anali ataimirira pamsonkhano wa makolo n'kunena kuti mwana wawo sagwira tsamba. Ndiponso manja a mwanayo anali oyera.

Anamulowetsa mu ofesi, Madamu ali pomwepo.

“Mwana wanga, usaope, ine ndine mayi wako,” anayamba Mayi Dorika. “Izi ndinaziona m'nyumba mwanga. Wanga anabisa, ankamanga m'mimba ndi nsalu, mpaka tsiku limene anagwa pamjigo. Anyamata a masiku ano amabwera ndi sopo wonunkhira ndi mawu okoma. Fodya akagulitsidwa amakwera basi, iwe n'kukusiya ndi mwana wopanda bambo. Mimba sabisa, mwana wanga. Ukanena msanga, tithandizana msanga. Tikamupeza mnyamatayo, makolo ake adziwe mlandu wawo. Ukachira udzabwereranso pasukulu, lamulo likulola. Koma ukatseka pakamwa, udzisenzetsa wekha katundu wa anthu awiri. Tiuze dzina lake.”

Nthanda ananena kuti palibe mnyamata. Mayi Dorika anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti onse amayamba choncho.

Madamu anatenga manja a mwanayo n'kuwatembenuza. Anali oyera, koma khungu linali lofiira ndi long'aluka m'mphepete mwa zala. Anamufunsa mofatsa kuti m'mawa amachita chiyani asanabwere kusukulu.

Yankho linali pafupi, liwu limodzi lokha. Nthanda anayang'ana pansi, osalitchula. Misozi inagwera pa yunifolomu. Mayi Dorika anaitenga misoziyo ngati kuvomera.

Chipatala choti akamuyezeko chinali kutsidya la mtsinje, ndipo mlatho unali utakokoloka ndi mvula. Anagamula kuti Nthanda asalowenso m'kalasi kufikira atabwera ndi kholo lake kudzanena zoona. Mayeso a boma anali atayandikira, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwana wophonya masabata amenewa waphonya sekondale.

Madamu anamuperekeza mpaka panjira. Sanamukakamize. Anangoti, “Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Nthanda. Ine sindingakutsekulire.” Kenaka anamukumbutsa ntchito imene anapatsa kalasi yonse, yakuti aliyense akaphunzitse munthu mmodzi wa kunyumba mawu a tsikulo.

4. M'chigafa

Mbiri sidikira mlatho. Nthanda asanafike kunyumba, nkhani inali itadutsa pamjigo, itamwa madzi, n'kufika pa esiteti. Anapeza mayi ake maso atafiira.

A Fainala ankadziwa chimene chinkamudwalitsa mwana wawo. Tenanti aliyense amachidziwa. Fodya wamuwisi akanyowa ndi mame amaledzeretsa womuthyola, ngakhale munthuyo sanasutepo chibadwire. Akuluakulu amapirira, amati ndi mmene ntchito ilili. Mwana thupi lake silichedwa kugonja.

Makolowo anali atakangana kale. A Fainala ankafuna kuti akanene zoona kusukulu. A Kalekeni ankati adikire. Nthanda akhale kaye pakhomo, kuthyola kuthe, miyezi ikapita anthu adzaona okha kuti palibe mimba. Za mayeso anati sukulu sithawa, chaka chamawa chiliko. Polankhula izi ankayang'ana kumbali.

Nthanda akanatha kubwerera kusukulu madzulo omwewo n'kukawanong'oneza Madamu. Mayi ake anamuuza kuti akatero iwo sadzamudzudzula. Iye anavula yunifolomu, anaipinda bwino, n'kupita kuchigafa.

Bambo ake anali atakhala pakampando, akusoka masamba kuti awapachike pa mikangala. Sanadzutse mutu. Nthanda anagwada chapatali n'kuwauza kuti Madamu apereka ntchito yophunzitsa munthu wa kunyumba, ndipo amayi atanganidwa ndi khanda.

A Kalekeni ankayembekeza kulira kapena mafunso. Izi zinawasokoneza. Anati sukulu yawo inathera Sitandade 3, mutu unauma kale, koma ayese.

Anayamba ndi liwu la kuyasamula. A Kalekeni analipinda liwulo mpaka linamveka ngati dzina la mudzi wa kwawo. Nthanda anaseka, iwo anasekanso. Mphepo inagwedeza fodya wouma pamwamba, fumbi linawalowa m'mphuno, ndipo anayetsemula mpaka nkhuku zinabalalika panja.

“Limenelo ndi sneeze, ababa. Mwalichita musanaliphunzire.”

“Siniizi,” anatero a Kalekeni, akupukuta misozi. Analibwereza kangapo, akulilawa. Anati limeneli lokha alisunga, chifukwa likumveka ngati chinthu chake chomwe.

Anadutsa kutsokomola, anadutsa kuphethira. Atafika pa kunjenjemera, Nthanda sanalisonyeze ndi thupi lake. Anangoloza manja a bambo ake. Singano inali kuvina pakati pa zala zawo, ikuphonya tsinde la tsamba. A Kalekeni anabisa manjawo pakati pa mawondo.

“Lotsala ndi vomit, kusanza,” anatero Nthanda. “Limenelo sindikuphunzitsani, ababa. Ndimakumvani kuseri kwa chigafa chino mukatuluka m'munda. Mumadikira kuti amayi apite kumjigo.”

A Kalekeni anaweramitsa mutu, ndipo Nthanda anapitiriza.

“Ababa, kusukulu sindinanene. Andifunsa, sindinanene, ndipo sindidzanena, chifukwa ndinakulonjezani. Pakamwa panga pakumverani. Koma thupi langa lakana kusunga nawo chinsinsi, ndipo ndalephera kuliletsa. Mawa ndipita kusukulu. Akandibweza pakhomo, ndikakhala panja pansi pa windo, ndizikamvera pomwepo. Anzanga aziseka, aseke. Mayeso ndikufuna kulemba chaka chino.”

Sanadikire yankho. Anadzuka n'kupita kukathandiza mayi ake kutunga madzi. Pobwera anapeza bambo ake ali pomwe paja, mulu wa masamba uli chimodzimodzi, singano ili pansi.

5. Dzina la mnyamata

M'mawa mwake panalibe womudzutsa. Nthanda anadzidzimuka kuwala kwa dzuwa kutalowa kale pamng'alu wa chitseko. Anathamangira panja akuganiza kuti walakwa.

Anapeza bambo ake atavala jekete la kutchalitchi. Anali atachokera kale kumunda, ndipo manja sanasambe. Phula linali bii mpaka m'zigongono. M'dzanja limodzi anagwira tsamba lalikulu la fodya, likudontha mame.

Ananyamuka onse awiri ulendo wa kusukulu. Anthu pamjigo anasiya kupopa madzi n'kuwayang'ana. A Kalekeni anawapatsa moni mmodzimmodzi ngati palibe kanthu.

Mu ofesi munali ahedi, Madamu ndi Mayi Dorika. A Kalekeni anakana mpando. Anayala tsamba lija patebulo, madzi ake akuyenderera.

“Ndamva kuti mukufuna dzina la amene wamudwalitsa mwana wanga,” anatero. “Ndabwera naye, ndi uyu. Amakumana m'mamawa uliwonse, mame asanaume. Ndipo amene anamupereka kwa iye ndine, bambo wake. Pamsonkhano paja ndinakunamizani. Mwanayu ndinamutseka pakamwa ndine, ndipo dzulo wasenza manyazi amene sanali ake kuti ine ndisathamangitsidwe. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kwathu zatembenuka. Ndadya ndine, zapota mwana. Ngati pali woti akhale panja, ndikhale ine. Uyu mulowetseni m'kalasi.”

Mayi Dorika anagwira pakamwa. Anatenga tsamba lija, kulinunkhiza, n'kulibweza msanga. Nawonso anathyolapo fodya pa utsikana wawo, ndipo fungolo linawakumbutsa zonse. Anadzuka, anamukokera Nthanda pachifuwa pawo, n'kumupepesa akulira. Analonjeza kuti mawu amene anatuluka nawo dzulo akawabweza okha pamjigo, pamaso pa anthu onse.

Kenaka anatembenukira kwa a Kalekeni.

“Bambo, umphawi tonse tikuudziwa, sindikuweruzani. Koma mverani. Fodya mudzabzalanso chaka chamawa, nazale idzamera ina. Mwanayu simudzabzalanso. Ife tinakula tikuuzidwa kuti chizungulire cha m'munda n'chizolowezi, munthu amachipirira. Tinapirira, ndipo taonani mmene zifuwa zathu zilili lero. Mwana khungu lake ndi lanthete, limamwa zonse za patsambapo. Mukamusambitsa m'manja mwachotsa zimene anthu angaone, koma zolowa m'thupi zalowa kale. Manja akachepa, bwerani mudzanene. Amayi a mumpingo tilipo, tinathandizanapo pa zazikulu kuposa izi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma uyu m'munda muja asapondemonso.”

A Kalekeni anavomera ndi mutu. Ahedi anawauza mosabisa kuti iwo sakanena kwa bwana, koma makoma a ofesi ndi opyapyala, ndipo nkhani yotere siigona pamalo amodzi. A Kalekeni anati akudziwa, anaziganizira asananyamuke.

Madamu anamugwira Nthanda paphewa n'kulowa naye m'kalasi. Anamukhazika pamalo pake patsogolo, ndipo panalibe amene anaseka.

Phunziro litangoyamba, panja panamveka kuyetsemula kwamphamvu. A Kalekeni anali akudutsa pawindo, ulendo wa kunyumba. Anaima, anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete, n'kunena mokweza ngati akudziuza okha, “Siniizi.”

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Madamu anati bambo amenewo akhoza, apatsidwe m'manja. Ana anaomba, ndipo Nthanda anaomba nawo, misozi ikutsika. Sanayambe wawanyadirapo bambo ake ngati tsiku limenelo.

6. Njinga pachigafa

Poweruka Nthanda anawapeza bambo ake atakhala pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo la mpira. Sanapite kunyumba. Anati anangofuna kupumako, koma Nthanda anadziwa kuti ankamudikira. Anayenda limodzi, iye akuwafotokozera mawu atsopano a tsikulo, iwo akuwapinda monga mwa nthawi zonse.

Atakhota pangodya ya munda, a Kalekeni anasiya kuseka.

Njinga yakuda inali itatsamira pamzati wa chigafa chawo. A Fainala anaima pakhomo, khanda lili m'manja, osasuntha. Pakampando paja panakhala a Yobu, akutembenuza singano yosokera fodya pakati pa zala.

A Yobu sanabweze moni. Anaimirira, n'kusasa fumbi pa buluku.

“Bwana wamva kuti lero munali kusukulu, a Kalekeni,” anatero. “Akuti mubwere tsopano lino. Inu ndi mwanayo.”

A Kalekeni anakonza kolala ya jekete lawo. Anatambasula dzanja lija lakuda ndi phula, ndipo Nthanda analigwira. Linkanjenjemera. Liwu lake la Chingerezi ankalidziwa bwino, koma sanalitchule. Anangolifinya dzanjalo mwamphamvu, ndipo awiriwo anayamba kutsatira njinga ya a Yobu panjira yopita kunyumba ya bwana.